Za kuwala kwa nyali za minibasi, yankho lapezeka

Sabata yatha ndinafunsa ngati kuwala kwa nyali za minibasi yothamanga mu Chipembere Highway kumafika msanga kuposa kwa yoima pa Ginnery Corner. Zikomo nonse munayankha. Yankho ndi ayi, ndipo landigwira mtima. Liwiro la galimoto siliwonjezera kanthu: kuwala kumayendabe makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Einstein anakhazika mfundoyi mu 1905. Mu 1964 asayansi a ku CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva ku Switzerland, anayeza kuwala kochokera ku tinthu tothamanga pafupifupi ngati kuwala komweko, liwiro n'kupezeka lomwelo. Chimene chimasintha ndi mtundu wa kuwalako: nyali ikamabwera kumapendekera ku buluu, ikamachoka kumapendekera ku kufiira, ngakhale pa minibasi kusinthako n'kochepa zedi moti diso silingaone.