Madzi a pa mjigo ayezedwa, koma kodi aona zonse?

Nachisale: Akatswiri, ndithandizeni. Mjigo uli mamita 60 kumunsi kwa dzala la zinyalala ndi thanki ya zimbudzi. Ku labu ayeza tizilombo ndi nitrate (mchere wochokera ku zimbudzi ndi feteleza), ati zili bwino. Ndiye kuti madziwa alibe vuto?

Gondwe: Ayi mayi, musafulumire. Kuyeza kumeneko sikuona zotsalira za mankhwala a kuchipatala, ophera udzu monga atrazine, kapena PFAS, gulu la mankhwala osawola msanga a m'thovu lozimitsira moto ndi nsalu zosalowa madzi. Izi zimakhala zochepa kwambiri, ma nanogalamu pa lita (nanogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a galamu), ndipo zimafuna makina apadera a ku labu otchedwa LC-MS/MS. Zoti chimbudzi chitalikire mamita 30 anaziika poganizira tizilombo, timene timafera m'njira. Carbamazepine, mankhwala a khunyu aja, safera m'njira. M'dothi la mchenga amangodutsa osasintha. Koma mukapeza caffeine, wa mu khofi ndi tiyi uja, n'kutheka kuti thanki ikudontha panopa, poti caffeine sachedwa kuwola.

Mayi Chirwa: A Gondwe anena zoona, koma ambiri amalakwitsa potunga. Popani kaye ndi kutaya madzi ogona m'paipi, kuchuluka kwake katatu. Paipi ya mamilimita 100 imasunga malita pafupifupi 8 pa mita, ndiye ngati madzi aima mamita 20, mutaye malita 470 musanadzaze botolo. Za mankhwala, tungirani m'botolo lagalasi lofiirira kuti dzuwa lisawawononge. Za PFAS, botolo la pulasitiki yolimba yotchedwa HDPE, chifukwa PFAS imakakamira pagalasi n'kuoneka ngati yochepa. Tepi ya Teflon, yokulunga polumikiza mapaipi ija, isayandikire, imawonjezera PFAS yake. Mabotolo akhale ozizira pa madigiri 4 mpaka ku labu. Tengaponso botolo la madzi oyera a ku labu, mulitsegule pamjigo pomwepo. Likapezeka ndi mankhwala, vuto ndi katungidwe kanu.

Kamanga: Zikapezeka, kuwiritsa n'kutaya nthawi. PFAS siuluka ndi nthunzi, imangochulukana m'madzi otsalawo. Klorini nayenso saikhudza. Chothandiza ndi sefa ya activated carbon (kaboni wonga makala, wokonzedwa mwapadera) kapena reverse osmosis (kukankha madzi mwamphamvu pa sefa ya timabowo tating'ono kwambiri), koma kaboni amakhuta, ndipo mitundu ing'onoing'ono ya PFAS ndiyo imayamba kupyola madzi asanasinthe kakomedwe. Musinthe potsata zotsatira za labu, osati lilime. Ku United States mu 2024 anaika malire a ma nanogalamu 4 pa lita kwa PFOA ndi PFOS, mitundu iwiri ya PFAS, ndiye funsani labuyo ngati makina ake amatha kuona zochepa chonchi.