Hilux ya injini ya 3L ikudontha dizilo pa ma injekita, ndiyambire pati?

Wofunsa: Akuluakulu a pa gulu lino, ndithandizeni nzeru. Hilux yakale, injini ya 3L, ya dizilo 2.8. Pamwamba pa injekita (kachitsulo kopopera dizilo mu injini) yachiwiri ndi yachitatu pakumanyowa dizilo mpaka kuyenderera m'mbali mwa injini, fungo kumalowa m'galimoto. Nati ya paipi ndaimanga kawiri konse koma palibe chasintha. M'mawa ikuvutanso kulira, mpaka ndipope kaye. Ndikulunge tepi yoyera ija ya mapaipi a madzi, kapena ndingogula ma injekita ena?

Woyankha woyamba: Achimwene, tepiyo musayerekeze, ndipo nati ija musaimangenso kachitatu. Ndalama musanatulutse, dziwani kaye pomwe pakudontha, chifukwa pa injekita imodzi pali malo atatu. Pamwamba penipeni pali nati ya paipi yachitsulo yochokera ku pampu ya dizilo. Pansi pake pali kapaipi kopingasa kolumikiza ma injekita onse anayi, kobweza dizilo wotsala. Ndiye pansi, pomwe injekita yalowa mu hedi, chigawo cha pamwamba cha injini.

Injini itazizira, tsukani ponsepo ndi parafini kapena brake cleaner, pukutani paume gwa. Lizani injini, yang'anani ndi tochi malo oyamba kunyowa. Dizilo amayenderera kutsika, ndiye pomwe pasonkhana dontho nthawi zambiri si pomwe patulukira. Mukhoza kuwazapo ufa wa choko, kanjira ka dizilo kamaonekera bwinobwino.

Woyankha wachiwiri: Pofufuzapo musaikepo chala injini ikulira, chonde. Injekita ya 3L imatsegula pa mphamvu ya pafupifupi 150 bar. Paipi ikakhala ndi mng'alu, dizilo amatuluka wowonda ngati singano ndipo amaboola khungu. Kabala kake kamaoneka kakang'ono koma m'kati mnofu umawonongeka, n'zofunika kuchipatala nthawi yomweyo. Yendetsani kachidutswa ka katoni pafupi ndi paipi, kakanyowa mwapapeza.

Wofunsa: Zikomo akuluakulu. Ndatsuka n'kuliza. Yachitatu ikuyambira pansi pa kapaipi kopingasa kaja. Yachiwiri ikutuluka pa nati yapamwamba yomwe ndinamangayo.

Woyankha wachitatu: Ndiye muli ndi matenda awiri osiyana, bambo, ndipo onsewo safuna injekita yatsopano.

Yachitatuyo ndi washa. Pansi pa kapaipi kobwezera, injekita iliyonse ili ndi washa wofewa amene amaphwanyika pomanga n'kutseka mpata. Akaphwanyika kamodzi ntchito yake yatha, kumubwezera ndi kudzinamiza. Gulani anayi, musinthe onse, pakuti simungachotse mmodzi osadzutsa kapaipi konse. Tengani wakale popita kogula. Ngati ali ndi timabowo modutsa dizilo, watsopanoyo akhalenso nato, chifukwa washa wamba amatseka njira yobwerera.

Kachitidwe kake: chotsani waya wa negetivu pa batire. Masulani timakalampu togwira mapaipi, kenako nati za mapaipi onse anayi mbali zonse ziwiri, ku injekita ndi ku pampu, ndi sipanala ya 17. Musamapinde paipi kuti ipatuke, ichotseni yonse, muilembe nambala. Pakamwa paliponse potseguka vindikirani ndi kapulasitiki koyera, mchenga umodzi wokha ukalowa umakanda nozo, kansonga ka injekita kotulukira dizilo. Pomasula nati zogwira kapaipi kobwezera, gwirani thupi la injekita ndi sipanala ina kuti lisazungulire, apo ayi kapaipiko kamapotoka n'kusweka polumikizira. Pukutani pokhala washa, ikani atsopano, mangani nati pa 29 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira nati).

Yachiwiriyo ndiye yofuna maso. Pa nati yapamwamba palibe washa, ndipo mazinga si amene amatseka dizilo. Kumapeto kwa paipi kuli kamutu kosongoka kamene kamakhala m'kabowo ka injekita, chitsulo kukhudzana ndi chitsulo. N'chifukwa chake tepi sithandiza, imangonyenyeka n'kukatseka nozo. Mukamanga mopitirira muyeso kamutuko kamaphwatalala kapena kung'aluka, ndipo mukamawonjezera mphamvu m'pamenenso kudontha kumakula. Kayang'aneni padzuwa. Ngati pali mzere wakuya wozungulira kapena mng'alu, sinthani paipi. Ngati n'kosalala, mwina panali fumbi kapena paipi inakhala mopendama. Pobwezera, yambani nati za mbali zonse ziwiri ndi zala mpaka zitakhala pansi, kenako sipanala, pa 25 Nm basi. Mphamvu imeneyi ndi yochepa kuposa mmene ambiri amaganizira.

Woyankha wachinayi: Ndiwonjezereko pa paipi. Osawotcherera, ndiponso osaikapo ya injini ina chifukwa choti yakwana. Mapaipi anayiwo anapangidwa ndi utali komanso bowo lam'kati loyenerana ndi pampuyo, mukasintha ndiye kuti silinda imeneyo izilandira dizilo mosiyana ndi zinzake. Kuwotcherera kumasiya zinyenyeswa m'kati, ndipo imadzaswekanso pambali pomwepo. Pezani paipi ya 3L ya nambala 2 yeniyeni, ngakhale yochotsa pa injini ina ya 3L bola kamutu kali bwino.

Timakalampu tija tibwerere tonse ndi mphira zake. Amakaniko ambiri amatitaya poti timachedwetsa ntchito, koma ndi timene timaletsa paipi kunjenjemera. Popanda ito, m'misewu yathu ya mabampu paipi imang'aluka pafupi ndi nati.

Woyankha woyamba: Za kuvuta kulira m'mawa zija, onani kapaipi ka mphira kochokera kumapeto kwa kapaipi kobwezera kupita ku pampu. Kakakalamba kamauma n'kuchita ming'alu, usiku mpweya umalowa, dizilo n'kubwerera ku thanki. Ikani ka mphira ya dizilo, osati ya madzi kapena ya vakyumu, imeneyo imafufuma. Zikapitirira, kayikirani pampu yamanja ya pamwamba pa fyuluta, nayonso imayamwa mpweya ikatha.

Mukamanga zonse, popani pa fyulutapo mpaka palimbe. Nati za ku ma injekita zisiyeni zomasuka pang'ono, phimbani ndi chiguduli, bwezerani waya wa batire uja, zungulitsani injini masekondi 10, sitata ipume, mubwereze mpaka dizilo atuluke wopanda thovu. Kenako mangani, lizani.

Wofunsa: Nanga ndi bwino kuzula ma injekita onse poti ndatsegula kale?

Woyankha wachitatu: Ngati pansi pake ndi pouma, asiyeni. Muzule pokhapokha mukaona phula lakuda louma m'mbali mwa injekita kapena mukamva kakuti tsi tsi tsi injini ikulira, umenewo ndi mpweya wa mu silinda ukuthawira pa washa wapansi. Zikatero pamafunika washa watsopano wapansiyo, pokhala pake payeretsedwe, injekita imangidwe pa 64 Nm. Mukamaliza tsukani dizilo yense amene anayenderera, makamaka pa mapaipi a madzi ndi cha ku chivindikiro cha lamba wa taimingi, chifukwa dizilo amafewetsa mphira. Yendani makilomita pang'ono, injini itenthe, muwazenso choko pa yachiwiri ndi yachitatu muone.