LM4562 ikutentha pa DAC, mawu akulasa m'khutu, ndathedwa nzeru

Wa_Ndirande: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Kasitomala wabweretsa DAC (kachipangizo kosandutsa nyimbo za digito kukhala siginolo yopita ku ampu) ya chipi cha PCM1794, ma op-amp (timachipi tokulitsa siginolo) atatu a NE5532, awiri a I/V (osandutsa current ya DAC kukhala voltage), imodzi ya filita. Akuti anawerenga pa intaneti kuti ukasintha ma op-amp mawu amatseguka. Ndazula ma 5532, ndaika masoketi, ndalowetsa ma op-amp a LM4562 omwe wabwera nawo yekha. Makapasita a 10uF a pa output ndaika WIMA 0.47uF, a pa regulator ndaika Panasonic FM. Pano ma LM a I/V akutentha osagwirika, ma high akulasa, bass yathawa, pansipansi pakumveka kamluzu. Rail ndi +15 ndi -15 bwinobwino pa mita. Munthuyo akubwera Loweruka ndipo theka la ndalama ndinadya kale.

Che_Limbe: Ndi feki zimenezo. Wagula kuti?

Wa_Ndirande: Anaitanitsa kunja, zisanu mu kapaketi kamodzi.

Che_Limbe: Basi. Pakani thina pamwambapo, zilembo zikafufutika mwadziwa.

MkuluWaBenchi: Mphwanga, vuto loyamba ndi lakuti wasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, ndiye pano sukudziwa chomwe chakuluma. Za bass ndi masamu chabe. Ngati ampu yake input ndi 10k, 0.47uF ikudula pafupifupi pa 34Hz, pomwe 10uF ija inkadula pa 1.6Hz. Bweza yakale, kapena upeze filimu ya 4.7uF ngati malo alipo.

Za kutenthazo ine ndikuganiza oscillation, ndiye kuti chipi chikudzipangira chokha siginolo yothamanga kwambiri. NE5532 ndi ya 10MHz, imapirira bodi yosokonekera. LM4562 ndi ya 55MHz, yaukali. Waikweza pa soketi, miyendo yatalika, ndipo ndikukayika ngati pali 100nF pafupi ndi pin 4 ndi pin 8. Mita singakuonetse zimenezo, ikuuza kuti 15 ilipo pomwe chipi chikuimba nyimbo yake pa ma MHz. Wotcherera 100nF ceramic kunsi kwa bodi, kuchoka pa pin 8 kupita ku ground, ina pa pin 4, miyendo yaifupi ngati ya nsabwe. Koma usanatero, chotsa DAC imeneyo pa ampu.

Che_Limbe: Akulu ndimakulemekezani koma ndi feki. Ndaziona kambirimbiri.

Area25_Audio: Che Limbe, feki zambiri zimakhala 4558 yopalidwa n'kulembedwanso. Imeneyo ndi yaulesi, siichita oscillate chisawawa, ingomveka mofooka basi. Ikatentha chonchi mwina ndiye orijino kumene.

Komanso aise, usaiwale kuti pa PCM1794 ma I/V amafunda ndithu ngakhale zonse zili bwino. Output iliyonse ili ndi 6.2mA ya pakati yomwe op-amp imanyamula nthawi zonse, kuonjezera 10mA yake ya LM pa 30V. Kufunda n'kwabwino, koma ngati chala sichikhalapo masekondi asanu, pali vuto. Ma 5532 aja ankatentha bwanji usanawazule?

Wa_Ndirande: Sindinagwire, ndinangoyamba kuzula. Scope (oscilloscope yoonera siginolo) ndilibe, inafa chubu.

MaiWaMita: Za kuchotsa pa ampu mverani achimwene MkuluWaBenchi. Ine zinandionekera. Bambo wina anabweretsa CD player kuti ndiikemo op-amp yothamanga, pa benchi ndi tisipika tanga totchipa zinkamveka bwino. Atafika kunyumba analumikiza ku masipika ake odula, sanathe nyimbo ziwiri, ma tweeter onse awiri anapsa, fungo nyumba yonse. Khutu silimva 200kHz koma koyilo ya tweeter imamva. Ndinalipira miyezi itatu, ndipo mpaka pano tikakumana pa msika amandiyang'ana ngati ndinawabera mbuzi. Yezaninso DC pa output musanalumikize chilichonse, ndipo poyesa gwiritsani sipika yomwe simungaililire.

Zomba_Valve: Panasonic FM zija mwaziika kutsogolo kapena kumbuyo kwa regulator? Ma regulator a 7915 ndi a 1117 ena sakondwa ndi kapasita ya ESR (resistance ya m'kati mwake) yotsika kwambiri pa output, amayamba kulira okha. Kamluzuko kangachokere kumeneko, osati ku op-amp. Ndinataya masiku awiri pa zimenezi.

Che_Limbe: Mukuzungulira. Chiyambire pomwe fakitale ya AKM, kampani yopanga machipi a DAC, inapsa ku Nobeoka ku Japan mu October 2020, msika unadzaza ndi zinthu zopalapala. Thina ndi K zingati? Pakani muone.

Area25_Audio: AKM ikukhudzana bwanji ndi LM4562 ya Texas Instruments?

Che_Limbe: Akuba ndi omwewo.

MkuluWaBenchi: Siyani kukangana. Njira ndi yobwerera m'mbuyo, chimodzichimodzi. Masoketi alipo kale, lowetsa ma 5532 aja, mvera. Kamluzu kakatha, ndi LM. Kakapitirira, ndi makapasita a regulator. Ngati kasitomala akukakamira dzina lachilendo, muikire OPA2134 pa filita pokha, ndi ya 8MHz, yofatsa, ma I/V uwasiye. Ndipo ndinene zomwe simuzikonda: datasheet ya PCM1794 yeniyeniyo inajambula NE5534 pa I/V. Anthu omwe anapanga chipicho sanali opusa.

Chinanso, iron yako ili ndi earth? Miyendo ya PCM1794 ndi yothithikana, static kapena dontho la solda likagwera pamenepo ndiye kuti nkhani ya op-amp yatha, mwayamba ya maliro.

Wa_Ndirande: Earth ilibe. Magetsi azimanso, ndili pa inverter.

MaiWaMita: Inverter yanji? Ngati ndi modified sine musayesere pamenepo, transifoma imang'ung'udza ndipo zinyalala zake zimadutsa mpaka ku output. Mudzasaka vuto lomwe kulibe. Dikirani abwere.

Zomba_Valve: N'chifukwa chake ine ndinabwerera ku TDA1543, chipi chakale cha DAC. Miyendo isanu ndi itatu, rezisita ziwiri za I/V, palibe op-amp yokusowetsa tulo. Pa mita siioneka bwino, ndikuvomera, 16-bit basi, koma madzulo ndimamvera osatopa. Mwa njira, alipo ali ndi CD player yakufa ya Philips kapena Marantz yokhala ndi TDA1541A? Ndikufuna chipi chokha.

Area25_Audio: Imeneyo ikufuna +5, -5 ndi -15, kuphatikiza makapasita 14 ozungulira. Muli ndi transifoma yake? Ndipo samalani, za korona pamwamba (chizindikiro cha zosankhidwa kuti ndi zabwino koposa) zambiri korona wake ndi wodinda dzulo.

Che_Limbe: Mwaona? Feki. Ndimanena zomwezi.

Zomba_Valve: Transifoma ndipombetsa ndekha. Ndani akudziwa komwe kukupezeka waya wa 0.4 masiku ano?