Mtsempha wa m'khosi wong'ambika ndi mankhwala osungunula magazi oundana

Nachisale, Mufakose:
Abale anga, mlongo wanga wa zaka 34 anachita ngozi ya kombi mwezi watha, ndipo ngakhale analibe bala looneka, anatha masiku asanu akudandaula khosi ndi mutu, mpaka m'mawa wina dzanja lake lamanja linafooka, lilime n'kulemera. Tinafika naye kuchipatala pasanathe maola awiri, anamujambula m'mutu ndi makina a CT, kenako anamupatsa alteplase, mankhwala osungunula magazi oundana. Madokotala anati sitirokoyo inadza chifukwa mtsempha wa m'khosi unang'ambika. Amayi akufunsabe ndipo ine ndikusowa chowayankha: munthu amene mtsempha wake wang'ambika angapatsidwe bwanji mankhwala osungunula magazi? Kodi sangataye magazi m'kati?

Bambo Mbewe, Highfield:
Pepani kwambiri achemwali. Ine ndine namwino, ndipo nkhawa ya amayi ndi yomveka. Chimene chimang'ambika ndi kachikopa ka m'kati mwa mtsempha, osati mtsempha wonse. Magazi amalowa m'khoma la mtsemphawo, njira imachepa, ndipo pabalapo pamaundana magazi amene amanyotsoka n'kukatseka mitsempha ya mu ubongo. Alteplase amalimbana ndi magazi oundanawo. Amaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka chiyambire zizindikiro, pa mlingo wa 0.9 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi, osapitirira 90 mg, ndipo CT ija cholinga chake chinali kutsimikiza kuti mu ubongo simukukha magazi. Ngati mtsempha wang'ambikira m'khosi, kunja kwa chigaza, malangizo a 2019 a bungwe la za matenda a mtima la ku America, la American Heart Association, amavomereza mankhwalawa. Munachita bwino kuthamanga naye.

Mayi Phiri, Dzivarasekwa:
Bambo Mbewe, tisabise kuti chiopsezo chilipo, chifukwa odwala ena ochepa amakha magazi mu ubongo akalandira mankhwalawa, n'chifukwa chake madokotala amadikira maola 24 asanapereke aspirin, amene amachepetsa kuundana kwa magazi. Mtsempha ukang'ambikira m'kati mwa chigaza madokotala amasamala kwambiri, ndipo ukakhala mtsempha waukulu wochokera kumtima, wa aorta, sapereka n'komwe.

Nachisale, Mufakose:
Zikomo nonse. Wake unali wa m'khosi. Panopa akumwa aspirin tsiku lililonse ndipo wayamba kugwira supuni yekha, koma khosi tamuletsa kuti munthu asamusisite. Ndikawafotokozera amayi madzulo ano.