Tithandizeni mafunso a mpikisano wa sewero lathu lija

Abale anga okonda sewero la pa kanema la madzulo lija, ndikupempha nzeru. Ife amayi a banki m'khonde kuno ku Chilomoni tagwirizana kuti tsiku logawana ndalama tichitenso mpikisano wa mafunso okhudza banja loipa mtima la m'sewerolo, ndipo andisankha ine kuti ndikonze mafunsowo.

Banja limeneli latigwira mtima zedi. Apongozi a m'banjamo akangotukula chikope n'kuyamba kusisita mkanda wa m'khosi, tonse timadziwa kuti wina alira lero. Timawatukwana, koma magetsi akathima nthawi ya sewero timathamangira kwa mnzathu wa sola, ndiwo zili pamoto. Chimene chimandiwawa ine ndi chakuti analanda nyumba ya mkazi wamasiye maliro asanathe n'komwe, chifukwa zoterezi timaziona m'makwalala mwathu momwemuno. Ndikufuna funso limodzi likhudze lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene limati kulanda katundu wotere ndi mlandu.

Tsono vuto langa ndi ili: mafunso amene ndalemba ndi ophweka kwambiri, monga dzina la mwana woyamba. Amene munayamba kuonera kuyambira gawo loyamba, ndi zinsinsi ziti za banjali zimene anthu ambiri anaziiwala? Nanga anthu apikisane payekhapayekha kapena m'magulu, poti ena ndi achikulire ndipo sakonda kulemba? Mphoto tikuganiza chitenje cha ku msika wa Limbe, koma opambana akakhala gulu tigawa bwanji?