Vaisi yozungulira: ndigule kapena ndipirire ndi yakaleyi?

Kambedza: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndakhala ndikumanga nyambo za nthenga zowedzera nsomba kwa zaka ziwiri pa kavaisi (kachipangizo kopanira mbedza pomanga) kosazungulira, kaja kamabwera mu seti ya ophunzira. Masiku ano kayamba kulavula mbedza. Ndikangokoka ulusi mwamphamvu pang'ono, mbedza imaweramitsa mutu ngati ikupepesa. Ndaona yozungulira, ija amati rotary, koma ndalama yake ndingagule timavaisi ngati kangaka tisanu. Kodi imakhalitsa? Nanga kuzungulirako kumathandizadi, kapena ndi matama chabe?

Dzimbiri: Osagula.

Dzimbiri: Ayi dikirani ndifotokoze, chifukwa mtima ukundiwawabe. Ine ndinaitanitsa yanga pa intaneti chaka chatha. Pachithunzi inkanyezimira, pabokosi analemba kuti ndi true rotary. Sabata yachitatu ndinapana mbedza yaikulu ya size 2, pomasula ndinapeza yasiya kangalande m'nsagwada. Chitsulo cha vaisi kugonja kwa mbedza, inu! Kuchokera tsiku limenelo mbedza zazing'ono zimangoterera m'kangalandemo. Ina ya size 16 inathawa ndili pakati pomanga, ndinaifuna ndi tochi osaiona, ndinadzaipeza ndi phazi patatha masiku awiri. Nditadandaula, wogulitsa anati ndinkapana molakwika, kenako anasiya kuyankha. Chikomekome cha mkuyu, achimwene.

Che Ulusi: Kkkkk phazi lili bwanji pano?

Dzimbiri: Musaseke, ndinatsimphina sabata yonse.

MadalaNthenga: Pepani a Dzimbiri, koma chimene munagulacho si vaisi, ndi chidole. Ine yanga ndi Renzetti Traveler, chaka chino ikukwanitsa zaka 14 ili patebulo panga. Yapana ting'onoting'ono ta size 22, yapana zikuluzikulu za 2/0, nsagwada zikadali ngati za dzulo. Mtundu umenewu unatuluka mu 1988 ndipo mpaka lero ukupangidwa, ndiye muganize nokha. Ine madzulo amodzi ndimamanga nyambo za Woolly Bugger 30 ndikumvera wailesi. Ana inu mumakonda zotchipa, kenako n'kumadzalira kuno.

Che Ulusi: Madala, mwezi watha munati 20. Mwezi wamawa afika 50.

MadalaNthenga: Dzanja likuthwa, mwana iwe.

Mai a Tada: Funso la a Kambedza palibe amene waliyankha. Mawu oti rotary amalembedwa pa zinthu ziwiri zosiyana. Pali vaisi imene mutu wake umangotembenuka kuti muone kumimba kwa nyambo, koma mukauzunguza mbedza imayenda mozungulira ngati ikupalasa njinga. Ndiye pali ina imene thunthu la mbedza limakhala mzere umodzi ndi msomali wozungulira, moti mukazunguza mbedza imangogudubuzika pamalo amodzi. Yachiwiriyi ndi imene imamanga. Mumagwira nthenga kapena waya chiimire, dzanja lina likuzunguza, mipata n'kumatuluka yofanana popanda kusinthanitsa manja. Musanalipire panani mbedza yaitali, zunguzani pang'onopang'ono, maso ali pa diso la mbedzayo. Likamakwera n'kutsika ngakhale mutasintha msinkhu wa nsagwada, ibwezeni.

Kambedza: Zikomo mayi. Nanga ulusi sumapotana mukamazunguza?

Mai a Tada: Mumayamba mwamanga kamfundo kamodzi kuseri kwa diso, bobini yogwirira ulusi ija n'kuipachika pa kawaya kake kotsamiritsira kutsogolo. Mukaiwala, ulusi umadzikulunga wokha kapena kumasuka wonse. Ine ndinalira nazo mwezi wathunthu ndisanazolowere.

Wosauka Wanzeru: Ndalama zonsezo chifukwa chogwira kachitsulo kochepa ngati chikhadabo? Ine ndili ndi pulayazi yokhoma ija, ndinaipala mano ndi tupa, n'kuimangirira pathabwa. Chaka chachinayi chino. Nsomba siinandifunsepo kuti nyambo ndinamangira pa chiyani.

Che Ulusi: Siinakufunseni chifukwa simunakumanepo nayo.

Wosauka Wanzeru: Sekani. Lee Wulff, msodzi wotchuka wa ku America uja, ankamanga nyambo m'manja, popanda vaisi n'komwe, ndipo dzina lake lili pa nyambo ya Royal Wulff mpaka lero. Inu dzina lanu lili pa chiyani?

MadalaNthenga: Inu si Lee Wulff, achimwene. Ndipo pulayazi imavulaza mbedza. Ikakanda utoto pokhota paja dzimbiri limalowa, tsiku lina nsomba yaikulu idzakuthyolerani pomwepo.

Dzimbiri: Dzina langa mulisiye.

Mlamu_wanu: A Kambedza, mavaisi asanu ati? Ine yanga ndinagula pa mtengo wosafika ngakhale kawiri ka wamba. Akufuna kukudyerani masuku pamutu amenewo.

MadalaNthenga: Kawiri? Ndiye mwagula mchimwene wake wa ya a Dzimbiri. Yeniyeni ngakhale kasanu ndi pang'ono.

Mlamu_wanu: Inali yogwiritsidwapo kale ntchito. Mwini wake maso anafooka, anasiya kumanga. Ndinangosintha kamphira kozungulira ka pansagwada, ndi kupaka girisi pang'ono, basi.

MadalaNthenga: Mukanayamba ndi mawu amenewo.

Mai a Tada: Za kukhalitsa, chimene chimafa msanga si chozungulira ayi, ndi nsagwada. Zikakhala za chitsulo chofewa zimakumbika ngati za a Dzimbiri. Zikakhala zolimbitsidwa bwino sizikumbika, koma nsonga zake zimatha kubenthuka mukapana mbedza yaikulu kunsonga kwenikweni m'malo moilowetsa mkati, kapena mukakakamiza chogwirira musanasinthe sikulu ya kutsogolo. Ndiye funsani ngati nsagwada zake zimagulitsidwa pazokha. Ngati sizigulitsidwa, tsiku lobenthuka ndi tsiku la maliro a vaisi yonse.

Dzimbiri: Yanga ngakhale mazinga a sikulu anatha. Imangozungulira osagwira. Mwina ndiyo rotary imene ankanenayo.

Aphiri2: Ine ndinene zoona, ngakhale ena akwiye. Ndili ndi yozungulira yabwinobwino zaka zisanu ndi chimodzi. Kuzunguza pomanga mwina ndinachitapo kakhumi. Nthawi zonse ndimangoitembenuza kuona ngati kumbali inayo kuli bwino, kenako ndikupitiriza ndi manja monga kale. Ndikanadziwa ndikanatenga vaisi ya Regal. Ija mumangofinya chogwirira, kuika mbedza, kusiya, yagwira. Palibe zopotokola masikulu mukachoka pa size 8 kupita pa 18.

MadalaNthenga: Vuto si vaisi pamenepo, ndi ulesi wophunzira.

Aphiri2: Ulesiwo ndi wanga, ndalama zinalinso zanga.

Che Ulusi: Ngati nkhani ndi kuzungulira, tengani Nor-Vise mumalize. Ija ukaikankha kamodzi imathamanga yokha pa mabering'i, thupi la nyambo latha usanaphethire. Ndinaionera pa YouTube, ndinangoti kukamwa yasa.

Wosauka Wanzeru: Munaionera. Muli nayo?

Che Ulusi: Ndili ndi data.

Mlamu_wanu: Chinthu china, musatenge ya chitsulo chokhazika patebulo ngati chili chopepuka. Mukakoka ulusi pomanga ubweya wa gwape vaisi imakutsatirani. Yopanira m'mphepete mwa tebulo ndiyo siisuntha.

Aphiri2: Siisuntha, koma funsani akunyumba kwanga za tebulo lodyera. Chipsera chake chilipo mpaka lero, nkhani yake imadzuka tikangokangana.

Mlamu_wanu: Mukanaika kachikopa pansi.

Aphiri2: Nzeru zimenezo munali nazo kuti nthawi imeneyo?

Kambedza: Ndiye mwandisokoneza kuposa mmene ndinabwerera. Ine zambiri ndimamanga za size 12 mpaka 16, zokulunga waya ndi nthenga pathupi, mwina khumi pa sabata.

Mai a Tada: Zokulungazo ndiye ntchito yake. Ine ndikanagula, koma nditaigwira kaye m'manja.

Aphiri2: Khumi pa sabata? Gulani yosazungulira ya nsagwada zabwino, zotsalazo mugulire nthenga.

MadalaNthenga: Gulani kamodzi, mulire kamodzi. Yanga ndidzasiyira mdzukulu.

Wosauka Wanzeru: Pulayazi ndili nayo yachiwiri.

Dzimbiri: A Kambedza, ngati mwalimbikirabe, yanga ndikugulitsa. Bokosi lake lilipo, silinang'ambike.