Mafuta othamangitsira udzudzu amene ndinasakaniza ndekha atulutsa ziwengo pa mwana: ndinalakwitsa pati?

Moni nonse a pa gulu lino. Ndimakhala ku Salima, pafupi ndi dambo, ndipo chiyambireni mvula udzudzu wachuluka kwambiri. Usiku tonse timagona m'maneti, koma vuto lili pa nthawi ya pakati pa kulowa kwa dzuwa ndi kukagona, pamene ine ndikuphika panja, ana ali pakhonde. Mchemwali wanga anandibweretsera kuchokera ku Lilongwe timabotolo tiwiri ta mafuta onunkhira, kena ka citronella, kena ka bulugamu. Ndinathira madontho pafupifupi 40 m'kapu ya madzi, ndinaika m'botolo lopopera, n'kumapopera aliyense m'manja ndi m'miyendo. Udzudzu unkathawa ndithu, koma ola likangotha unkabwereranso. Chimene chandidetsa nkhawa n'chakuti botolo litatsala pang'ono kutha, mwana wanga wa zaka ziwiri watuluka ziwengo zofiira m'mikono ndi m'khosi. Kodi ndinachulukitsa mafuta, kapena mafutawa sayenera mwana wamng'ono chonchi? Nanga pali njira yoti agwire ntchito nthawi yaitali?

Yankho loyamba:
Mayi, pepani ndi mwanayo. Choyamba msambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo musamupakenso. Ngati nkhope kapena milomo yatupa, kapena akuvutika kupuma, pitani naye kuchipatala lero lomwe. Cholakwika chachikulu chinali madzi aja. Mafuta sasungunuka m'madzi, amayandama pamwamba, ndipo popeza kachubu ka botolo lopopera kamakoka kuchokera pansi, masiku oyamba munkapopera madzi onunkhira chabe, pomwe kumapeto kunatuluka mafuta pafupifupi okhaokha, amene amawotcha khungu. Mafuta oterewa amasungunulidwa m'mafuta ena ofewa, monga a kokonati kapena a mpendadzuwa. Kwa munthu wamkulu, muyezo wodziwika ndi magawo 2 pa 100, kutanthauza madontho pafupifupi 12 m'mamililita 30, omwe ndi masupuni awiri akuluakulu. Muyambe mwapaka pang'ono mkati mwa mkono, mudikire tsiku lathunthu kuti muone ngati khungu likugwirizana nawo. Koma mwana wa zaka ziwiri musamupake konse, makamaka a bulugamu, amene ndi poizoni woopsa mwana akamwa ngakhale pang'ono, moti amatha kukomoka.

Yankho lachiwiri:
Mwanawe, ife kwathu ku Nkhotakota tinakula ndi mpungabwi. Amayi ankathyola nthambi zake n'kumazikupiza m'nyumba madzulo, nthawi zina n'kuponya masamba ake pa makala kuti utsi uthamangitse udzudzu. Zinkathandiza pa kanthawi komwe fungo lilipo, koma malungo tinkadwalabe chaka ndi chaka, ndipo utsiwo unkatitsokomoletsa. Kwa kamwana kanuko, ine ndikuona kuti n'kwabwino kukaveka malaya a manja aatali, buluku ndi masokosi dzuwa likamalowa, kapena kukadyetsa msanga n'kukalowetsa m'neti inu mukumaliza ntchito zapanja.

Yankho lachitatu:
Ndikufuna kuyankha funso lanu lomaliza lija, mayi, chifukwa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Citronella amauluka msanga pakhungu, makamaka kumalo otentha ngati Salima kumene munthu amatuluka thukuta, n'chifukwa chake simungamudalire kupitirira ola limodzi kapena awiri. Kuchulukitsa madontho sikutalikitsa nthawiyo kwenikweni, kumangowonjezera ziwengo. Mukhoza kumva ena akunena kuti bungwe la CDC, loona za matenda ku America, limavomereza mafuta a lemon eucalyptus. N'zoona, koma chimene limavomereza ndi mankhwala okonzedwa ku fakitale, okhala ndi PMD wokwanira (ichi ndi chinthu cha m'mafutawo chimene chimathamangitsa udzudzu), osati mafuta onunkhira a m'timabotolo ting'onoting'ono, ndipo limanena kuti asapakidwe ana osakwana zaka zitatu. Mtengo umene mafutawa amachokerako, wotchedwa Corymbia citriodora, ndi wosiyananso ndi bulugamu wamba amene mafuta anuwo ayenera kuti anachokerako.

Ndikudziwa kuti ambiri timaganiza kuti chochokera ku zomera sichingavulaze, ndipo cha m'sitolo ndicho choopsa, koma pa nkhani ya ana aang'ono zili mosiyana. DEET, yemwe amapezeka m'mankhwala othamangitsira udzudzu a m'sitolo, wakhala akugwiritsidwa ntchito ndi anthu wamba kuyambira 1957, ndipo madokotala a ana amalola kumupaka mwana amene wadutsa miyezi iwiri, bola mphamvu yake isapitirire 30 pa 100, komanso asapakidwe m'zikhato, m'maso ndi pakamwa. Mumamupaka pa khungu lomwe lili pamtunda lokha, n'kumusambitsa mwanayo asanagone. Udzudzu wa Anopheles, womwe umafalitsa malungo, umaluma kwambiri pakati pa usiku, choncho neti musaisiye ngakhale mutapaka chiyani. Mwanayo akangotentha thupi m'masiku akubwerawa, musaganize kuti ndi ziwengo zija, kamuyezetseni malungo.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndamusambitsa, ziwengo zayamba kuzilala ndipo akusewera bwinobwino, koma mawa m'mawa ndipita nayebe kuchipatala kuti akamuone. Timabotolo tija tinali pawindo pomwe iye amafikira, ndatichotsa ndatitsekera m'sutikesi. Citronella wotsalayo ndimusakaniza ndi mafuta a mpendadzuwa pa muyezo mwanenawo kuti ndizipaka ine ndi bambo ake tikakhala panja. Ndatsala ndi funso limodzi kwa bambo amene mwayankha komaliza: mwana wanga wamkulu, wa zaka 9, ali ndi mphumu. Kodi fungo la mafutawa tikapaka ifeyo likhoza kumuyambitsa befu akakhala nafe pafupi?